A Samuel Ntara, Mphunzitsi Wokonda Kuceza ndi Akulu

M'midzi ya kwa Mfumu Mlolo, m'boma la Chadiza, mukali nkhalamba zimene zinaphunzira kulemba pa sileti zitakhala pa cipika, m'sukulu yofolera ndi udzu. Nkhalamba zimenezi zikumbukira kuti masiku amenewo mabuku a Cinyanja anali owerengeka, ndipo buku limodzi linali kuyenda m'manja mwa ana ambiri kufikira cikuto cace citathothoka. Pakati pa mabuku amene anayenda motero, kuno ku Zambia ndi ku Malawi komwe, panali Nthondo, Mbiri ya Acewa ndi Msyamboza. Maina a mabukuwa ngodziwika, koma za munthu amene anawalemba sizikambidwa kawirikawiri. Sanali mfumu, sanali nduna ya boma kapena mwini sitolo. Anali mphunzitsi wa sukulu za misyoni, a Samuel Yosia Ntara, amene ena alemba dzina lao kuti Nthara.

A Ntara anabadwa m'caka ca 1905 pakati pa Acewa a m'dziko limene lero ndi Malawi. Pa nthawiyo dzikolo linali lisanachedwe Nyasaland, pakuti dzina limenelo linadza m'caka ca 1907. Nkhondo za Angoni zinali zitangotha kumene, msonkho wa nyumba unali utayamba, ndipo cinthu catsopano cimene cinali kufalikira m'midzi ndico sukulu. Amisyoni a mpingo wa Dachi anamanga Mvera m'caka ca 1889, Kongwe mu 1894 ndi Nkhoma mu 1896. Anzao a mpingo womwewo anafika m'dziko la Mpezeni namanga Magwero mu 1899, Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905, ndi Nsadzu wa ku Chadiza mu 1908. Cifukwa ca ici mphunzitsi wa ku Nkhoma ndi mphunzitsi wa ku Nsadzu anali ngati ana a bere limodzi: cinenero cao cinali cimodzi, nyimbo zao zofanana, ndi mabvuto ao omwewo. Wowerenga mbiri ya a Ntara ali kuwerenganso mbiri ya aphunzitsi ambiri a kum'mawa amene maina ao sanalowe m'buku lililonse.

Amisyoni amenewa anali ndi njira yaoyao ya maphunziro. Anafuna kuti mwana ayambe wadziwa kuwerenga m'cinenero ca amace, kuti adziwerengere yekha Mau a Mulungu, ndiponso kuti adziwe ulimi ndi nchito za manja. Cingelezi anali kucigawa pang'onopang'ono ngati ufa wa m'caka ca njala, ndipo Aafrika ambiri anadandaula nazo, poona kuti anyamata a ku Livingstonia ndi ku Blantyre anali kupeza msanga nchito za ukalaliki. Dandaulo limenelo linali loona. Komabe m'njira yomweyo munatuluka cinthu cina cabwino, ndico anyamata odziwa kulemba Cinyanja cokoma. A Ntara anaphunzira m'sukulu zimenezi, nakhala mphunzitsi wa misyoni ya Nkhoma. M'caka ca 1922, iwo ali ndi zaka 17, Buku Lopatulika lathunthu linasindikizidwa m'Cinyanja, nchito imene anatsogolera Mbusa W. H. Murray pamodzi ndi Aafrika omthandiza. Misyoni inali ndi makina ace osindikizira mabuku, ndiponso kanyuzi kace kochedwa Mthenga, kamene kanayamba mu 1909. Mnyamata wokulira pafupi ndi makina otere anaona ndi maso ace kuti mau amene agogo ace alankhula posinja pa mtondo angathe kulowa m'buku monga momwe alowera mau a Azungu.

Tsiku la mphunzitsi wa misyoni linali kuyamba kusanace. Asanagwire coko anali kuyamba wagwira khasu, pakuti malipiro a pa mwezi anali masheleni owerengeka, ndipo banja lopanda munda likadagona ndi njala. Dzuwa litatuluka anali kusamba, nabvala malaya ocapa bwino ngakhale akhale a zigamba, nkuimba ng'oma kapena citsulo copacika pa mtengo kuitana ana. Pemphero ndi nyimbo ndizo zinali kutsegula sukulu. Pambuyo pace anali kuitana maina, ndipo apa mpamene mtima wa mphunzitsi unali kuwawa. Nyengo yopalira ana anali ku munda. Mapira akaca anali kuinga mbalame ndi anyani. Anyamata ena anali kubusa, ndipo asungwana ena atalowa cinamwali sanali kubweranso. Tsono mphunzitsi anali kuyenda khomo ndi khomo kukambirana ndi makolo, osaiwala atsibweni, pakuti kwa Acewa mwini mbumba ali ndi mau akulu pa mwana wa mlongo wace.

Ana oyamba anali kulemba pansi ndi cala, pambuyo pace pa sileti. Amene anapirira anali kukwera kufika ku makalasi a pakati, amene mu Northern Rhodesia anali kuyambira Standard III kulekeza Standard VI, ndipo ambiri a iwo anali kucoka kwao kukagonera pa misyoni. Awa ndiwo anali ana obvuta ndi okondweretsa pa nthawi imodzi. Sanali makanda, sanalinso akulu, ngakhale ena ndebvu zinali zitayamba kale kumera cifukwa coyamba sukulu mocedwa. Anali ndi mafunso ambiri, njala yosatha, ndi maso akuthwa oona msanga ngati mphunzitsi walakwa pa bolodi. Kwa iwo mphunzitsi anali kuphunzitsa masamu a ndalama za nthawi ija, kuti makobiri 12 apanga sheleni imodzi ndipo masheleni 20 apanga paundi, kuonjezapo tiki ndi susu, masamu amene analiza ana ambiri. Anali kuwaphunzitsanso kalembedwe ka kalata, Cingelezi, ukhondo, mapu a maiko, ndi mbiri ya mafumu a kutali amene palibe mwana anawaonapo. Masana inali nthawi ya nchito za manja, kuluka mphasa ndi madengu, kuumba njerwa ndi kuthirira dimba la sukulu. Boma la Nyasaland litakhazikitsa cigawo coyang'anira maphunziro mu 1926, oyendera sukulu anacuruka, ndipo kaundula wa maina anayenera kukhala wolongosoka tsiku ndi tsiku.

Ana akaweruka nchito inali isanathe. M'midzi yambiri mphunzitsi yemweyo ndiye anali kutsogolera mapemphero pa Sabata ndi kuphunzitsa a kalasi oyembekeza ubatizo. Pakati pa mlungu nkhalamba zinali kudza pa khonde pace ndi makalata ocokera kwa ana ao ku Halale ndi ku Joni, kuti awawerengere ndi kuwalembera mayankho. Motero mphunzitsi anali kudziwa zinsinsi za mudzi wonse: amene watumiza ndalama, amene wadwala ku mgodi, ndi amene wasanduka mchona osakumbukanso mkazi wace.

Makalata amenewo anali ndi mayesero ace. Anzace a mphunzitsi amene anapita ku migodi anali kubwera ndi njinga, jekete ndi galamafoni, iye akali ndi malaya omwe aja. Fodya atafala m'maboma a Lilongwe ndi Dowa m'zaka za m'ma 1920, munthu wodziwa masamu anatha kukhala kalaliki kapena kapitao, nalandira zoposa za ku sukulu. Aphunzitsi ambiri anasiya coko, ndipo palibe angawadzudzule, cifukwa ulemu wokha sulipira msonkho. A Ntara anakhalabe pa nchito ya uphunzitsi zaka zambiri.

Nanga cimene cinali kusunga munthu pa nchito yotere nciani? Zokondweretsa zace zinali zazing'ono, zosaoneka kwa munthu wongopita m'njira. Mwana wabvutika miyezi itatu ndi zilembo, ndipo tsiku lina angoziphatikiza, nawerenga liu lathunthu, nayang'ana mphunzitsi ndi maso odabwa ngati waona nyenyezi masana. Nyimbo yolembedwa pa bolodi ndi do, re, mi yakhala ili kusokonekera mlungu wonse, koma madzulo ena mau onse anai agwirizana, kufikira amai ocokera ku citsime aima ndi mitsuko pamutu kumvetsera. Panali mpira wa nsanza pa bwalo, pamene mphunzitsi naye anali kuiwala ukulu wace. Panali tsiku lofika Mthenga ndi nkhani za mipingo ina. Kholo lina losauka linali kubwera ndi nkhuku m'khwapa kapena kadengu ka mtedza, osanena zambiri. Ndipo nthawi zina inali kufika kalata yocokera kwa mwana wakale amene tsopano ali pa nchito ku boma, yolembedwa ndi dzanja lomwe lija mphunzitsi analiwongola likali kunjenjemera pa sileti. Ali yense amene anaphunzitsapo ku Nsadzu, ku Madzimoyo kapena pa sukulu ya kumudzi kwa Mlolo azidziwa zimenezi.

Koma a Ntara anali ndi cokondweretsa cina coposa zonsezi, ndipo mabuku ao ndiwo mboni yace. Anali munthu wokonda kumvetsera. Anachera khutu ku zokamba za akulu pa bwalo la milandu, pa maliro ndi poceza madzulo. Aphunzitsi ena a nthawi ija, atangobvala kolala ndi tayi, anayamba kuona za kumudzi zonse ngati za mumdima, zoyenera kuiwalika. A Ntara anali Mkristu ndi munthu wa misyoni, koma khutu lao silinacoke kumudzi. Anasunga momwe nkhalamba ipatsira moni mlendo, momwe nkhoswe iyambira mlandu mozungulira isanafike pa mutu wace, ndi momwe amai atonthozera mnzao wofedwa. Zinthu zimene anthu onse anali kuzimva nkuziiwala m'mawa mwace, iwo anaziona kuti nzoyenera inki ndi pepala.

Mwai unadza kucokera kutali. Ku London kunali bungwe lofufuza zinenero ndi miyambo ya mu Afrika, lochedwa International Institute of African Languages and Cultures, limene linayamba mu 1926. Bungweli linali kucititsa mpikisano wa nkhani zolembedwa ndi Aafrika m'zinenero zao. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1930 nthawi ya Cinyanja inakwana, ndipo mphunzitsi uja wa ku Nkhoma, zaka zace zisanafike 30, anatumiza nkhani yace nalandira mphotho. Nkhaniyo ndiyo Nthondo, imene inasindikizidwa mu 1933.

Nthondo ndi mbiri ya munthu wopeka, kuyambira tsiku lobadwa kufikira tsiku loikidwa m'manda. Akula wosamvera ndi wa manja aatali, acoka kwao kukafuna nchito kwa Azungu monga anali kucitira anyamata ambiri, abwerera kumudzi, alowa ufumu, ndipo potsiriza atembenuka mtima nalandira sukulu ndi Cikristu. Mathero amenewa ndi a misyoni, ndipo wowerenga wa lero awaoneratu akali kutali. Koma mphamvu ya bukuli siili m'mathero ai. Ili m'masamba ofotokoza miyambo ya pobadwa mwana, kadyedwe, mikangano ya pa mudzi, milandu ndi maliro. M'menemo anthu alankhula monga alankhulira anthu enieni, ndipo aoneka kuti wolembayo anakhala nao pansi pa mphasa imodzi.

M'caka cotsatira, 1934, bukuli linatuluka m'Cingelezi ku London ndi dzina lakuti Man of Africa. Analimasulira ndi Mbusa T. Cullen Young, amene kale anali mmisyoni ku Livingstonia, ndipo mau oyamba analemba ndi katswiri wa sayansi Julian Huxley. Cullen Young ameneyu ali ndi kankhani kace kamene aphunzitsi ayenera kukadziwa. Mu 1915, poyang'anira mayeso ku Chilanga m'dziko la Kasungu, anatulutsa mnyamata wina amene anaimirira kuti aone bwino pa bolodi, pomganizira kuti ali kuonera za mnzace. Mnyamatayo anali Hastings Kamuzu Banda. Patapita zaka awiriwa anakomananso ku Britain, ndipo mu 1946 anatulutsa pamodzi buku la miyambo lochedwa Our African Way of Life.

Munthu wina akadalandira mphotho ya ku London akadayamba kuyenda ndi mapewa okweza. A Ntara anapitiriza kuphunzitsa, nayamba nchito ina yolemetsa koposa, ndiyo kusonkhanitsa mbiri ya mtundu wao. Kufunsa mbiri kwa mfumu sikufanana ndi kufunsa mwana m'kalasi. Wofunsa afika kudzera kwa nduna, akhala pansi, aomba m'manja, nadikira. Mkulu ayamba ndi za mvula ndi za matenda a nkhuku, ndipo mwina dzuwa lilowa asanachule dzina la kholo ngakhale limodzi. Apa munthu wozolowera kuimirira kutsogolo ndi ndodo yolozera anayenera kusanduka mwana wa sukulu. Panalinso cina cobvuta. Misyoni ya Dachi ndi eni dambwe anali pa udani waukulu, makamaka m'zaka za m'ma 1920, polimbirana anyamata: sukulu inali kuwaitana uku, nyau zili kuwaitana uko. Tsono nkhalamba inali ndi cifukwa comveka cokanira kuuza mphunzitsi wa misyoni za makolo ace. Kuti nkhalamba zotere zinamasuka nizikamba, cionetsa ulemu ndi kuleza mtima kwa wofunsayo.

Mbiri ya Acewa inatuluka ca pakati pa zaka za m'ma 1940. M'menemo muli za ulendo wa makolo kucokera ku Uluwa, za Kalonga, za Aphiri ndi Abanda, za Kaphirintiwa, za Makewana wa ku Msinja amene anali kupempha mvula, za mafumu monga Undi, Mkanda ndi Mwase wa ku Kasungu, ndi za kufika kwa Angoni. Kwa anthu a kwa Mlolo dzina la Undi ndilo lofunika, pakuti iye atapatukana ndi likulu la Kalonga anakakhazika mpando wace ku Mano, m'dziko limene lero ndi cigawo ca Tete ku Mozambique, ndipo mafumu a Cicewa a ku Chadiza ndi ku Katete ali pansi pa mpando umenewo. Kwa nthawi yoyamba mwana wa Mcewa anatha kutsegula buku pa desiki napezamo makolo ace, osati mafumu a ku England okha.

Bukuli lili ndi zilema zace, ndipo kuzibisa sikungakhale kulemekeza mwini wace. Linalembedwa ndi munthu wa ku Nyasaland, kotero kuti za mbali imeneyo ndizo zacuruka. Akulu sasunga zaka ndi manambala, ndipo mfumu iliyonse ikamba mbiri mokometsa mpando wace. Ngakhale zili tero, ophunzira a m'mayunivesite sanathe kulilambalala. Harry Langworthy wa ku America, amene anafufuza za ufumu wa Undi m'zaka za m'ma 1960, analemba ndemanga zace pa bukuli, a W. S. Kamphandira Jere nalimasulira m'Cingelezi, ndipo linasindikizidwa ku Wiesbaden m'dziko la Germany mu 1973. Nkhalamba zimene zinaceza ndi a Ntara zinali zitapita kale, koma mau ao anatsala.

M'caka ca 1949, caka ca njala yaikulu ku Nyasaland, Cullen Young anatulutsanso m'Cingelezi buku lina la a Ntara, la mbiri ya Msyamboza, nalicha Headman's Enterprise. Msyamboza anali munthu weniweni, mfumu ya mudzi wa Chibanzi m'boma la Dowa, amene anamwalira mu 1926. Anali mlenje ndi wamalonda pa unyamata wace, ndipo pambuyo pace analandira sukulu m'mudzi mwace, nachuka ndi ulimi wothirira ndi mbeu zatsopano. M'caka comweco munatulukanso Nchowa, nkhani ya moyo wa mkazi. Pa nthawiyo n'kuti ku Lusaka kutatsegulidwa, mu 1948, ofesi yosindikiza mabuku a zinenero za Aafrika a mu Northern Rhodesia ndi Nyasaland pamodzi, ndipo mabuku a Cinyanja anali kuoloka malire popanda womfunsa citupa. Mu 1964 a Ntara anatulutsa mbiri ya Mbusa Namon Katengeza, mmodzi wa abusa awiri oyamba aciafrika a ku Nkhoma amene anadzozedwa mu 1925, mnzace ndiye Andreya Namkumba.

Munthu akayala mabuku amenewa pa mphasa aona cinthu cimodzi. Onse akamba za anthu a pafupi: mnyamata wobvuta wa pamudzi, mfumu yaing'ono yokumba ngalande, mkazi, mbusa wa mpingo wa kwao. Ndiwo anthu amene mphunzitsi akomana nao popita ku sukulu ndi pobwerera. Ndipo kabuku kamene kaonetsa bwino mtima wa a Ntara mwina ndi kaja kosachuka kwambiri, Mau Okuluwika m'Cinyanja, ka mu 1964 komweko. Ndi nkhokwe ya mau ozama ndi matanthauzo ace, otoledwa limodzilimodzi monga atolera mtedza wotsalira m'munda eni atakolola. Nchito yotere siicitika ndi mwezi umodzi. Ifuna munthu amene kwa zaka zambiri akamva liu lokoma m'kamwa mwa nkhalamba, mtima wace udumpha, naganiza za ana a m'kalasi mwace amene sanalimvepo.

A Ntara anaona maiko onse awiri alandira ufulu mu 1964, Malawi pa 6 July ndi Zambia pa 24 October. Anaonanso cinenero cimene anacitumikira cipatsidwa maina awiri: mu 1968 boma la Malawi linacicha Cicewa nkucikweza kukhala cinenero ca dziko, pamene Zambia inasunga dzina la Cinyanja. Kuno lamulo la maphunziro la mu 1966 linaika Cingelezi kukhala cophunzitsira kuyambira Grade 1, ndipo Cinyanja cinatsala ngati phunziro limodzi pakati pa ena. Makalasi a Standard anasanduka ma Grade, sileti inalowedwa m'malo ndi buku lolembamo, ndipo masheleni aja oliza ana anatha mu 1968 pamene kunadza kwacha ndi ngwee.

Anamwalira zaka za m'ma 1970 zisanathe, atapitirira zaka 70 za kubadwa. Sanaone mwambo wa Kulamba utayambanso mu 1984, umene usonkhanitsa ku Mkaika, m'boma la Katete, mafumu a Cicewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Sanaonenso caka ca 2005, pamene bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu, yemwe uja anali kulimbirana anyamata ndi sukulu za misyoni, ndi cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Caka cimeneco zinali zitakwana zaka 100 cibadwire a Ntara.